Fupa la Bondo la Inutu

Harare, 29 Juni 1997

Atate ake a Clarissa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Ine ndinafika, kungoti basi inachedwa pa malire a Chirundu, mwendo n'kutupa ngati dzungu. Mng'ono wanga Cecilia ndi amuna ake anandilandira bwino, ndikugona m'chipinda cha ana awo. Kuno kukuzizira kuposa ku Chongwe. Lamya ya ku ofesi kwanu ndayesa kangapo, siikulowa.

Dokotala amene anandiika bondo lachitsulo mu 1988, itachitika ngozi ya basi ija, anapuma ntchito. Wandiona ndi wina, wamng'ono koma wofatsa polankhula. Wandionetsa chithunzi cha mafupa. Chitsulo chayamba kugwedera, ndiye achichotsa aike china. Akuti zimenezo amachita kawirikawiri. Chomudetsa nkhawa ndi kafupa ka pamwamba pa bondo, kaja kamagunda pansi munthu akagwada. Pa opaleshoni yoyamba anakapala kunsi n'kumatapo kapulasitiki. Kapulasitikiko kanamatuka, kakhala kakudya fupa mkati, moti latsala ngati chigoba cha dzira, ndiponso lili ndi mng'alu.

Anandifunsa kuti, "Mayi, munagwapo? Kapena munagwada nthawi yaitali?" Ndinati ndinagwada pa maliro a apongozi anga mu Januwale. Anavula magalasi, nati, "Kodi sanakuuzeni kuti bondo ili si logwadira?" Ndinati anandiuza. Sindinamuuze kuti mlongo wanu Mavis ndiye anandichotsera mpando pamaso pa anthu kumudzi kwanu ku Bundabunda. Sindinamuuzenso kuti inu munali pomwepo, mukuyang'ana nsapato zanu.

Njira zilipo ziwiri. Angathe kukachotseratu kafupako, koma mwendo udzafooka, kuimirira pa bolodi tsiku lonse sindidzakutha. Kapena angathe kudzaza chigobacho ndi tizidutswa ta fupa lamoyo, n'kusokerera kuti ligwirane. Ndasankha yachiwiriyi. Komwe alitenge fupalo sanatsimikize, akuti tikambirane inu mulipo.

Opaleshoni ndi pa 12 Ogasiti. Sukulu zikangotseka mubwere ndi Clarissa. Mupite naye ku Lusaka akatenge chikalata chodutsira malire, musadikire tsiku lomaliza monga mumachitira. Sindifuna kulowa m'chipinda chija ndisanaone nkhope zanu.

Mundiuze ngati mwana akuwerenga, ndiponso ngati malalanje akuthiriridwa.

Mkazi wanu,
Inutu


Chongwe, 13 Julayi 1997

Mulamu,

Tauka bwino kuno, kaya imwe ku dziko la eni. Amai ku Bundabunda ali bwino, chifuwa chabe. Ine nili pano pa nyumba panu. Ninabwera kuphikira mlongo wanga na mwana, popeza mwini khitchini ali pa ulendo.

Kalata yanu nawerenga ndine, musavutike kufunsa. Yotam anali ku Kanakantapa ku nchito yake ya zaulimi, ndipo kalata yobwera pa nyumba ya mlongo wanga siikhala yachilendo kwa ine.

Mwalemba kuti dokotala afuna fupa lamoyo. Pansi pake mwalemba kuti Yotam abwere na mwana. Ine sininapite patali na sukulu monga imwe ba tichala, koma kuika mizere iwiri pamodzi nidziwa. Fupa lamoyo lichoka kwa munthu wamoyo. Manje ni la ndani? La mlongo wanga, kuti abwere akutsimphina monga imwe? Kapena la mwana, chifukwa ni lanthete? Ngati kunali kukambirana chabe, mwana afunika chiani pa nkhani ya akulu? Timamva za anthu opita kunja ali bwinobwino, n'kubwera na zipsera zosadziwika. Kwathu kuno tapereka kale mwana wathu wamwamuna kwa imwe. Mafupa sitipereka.

Za mpando mwazinenera kwa mlongo wanga, manje mverani kwa ine. Anamwalira ni atate anga. Amalume anachoka kutali, anakhala pansi pa mtengo, akazi tonse tili pa matope, imwe muli pa mpando mwapinda manja. Anthu anayamba kunong'ona ati Yotam anakwatira mfumukazi ya ku Mongu. Ninachotsa mpando kuti nikuchotseni manyazi. Munagwada, munasambitsa amalume m'manja, munauka, munayenda. Palibe anamva chothyoka. Lero papita miyezi ndiye mwapeza wopachika mlandu.

Sukulu ikatseka, Clarissa nipita naye ku Bundabunda. Ndine atate ake aakazi, nili na mau pa iye. Akatonola chimanga, akaphunzirako na ulemu, chifukwa naona apatsa atate ake madzi ali chiimire. Kumene anaonera tikudziwa tonse.

Mbale zanu zagalasi naika pamwamba pa kabati, sitizigwira.

Ndine,
Mavis


Chongwe, 16 Julayi 1997

Amake Clarissa,

Kalata yanu ndailandira ndipo ndakondwa kuti munafika bwino. Kuno tili bwino. Lamya ya ku ofesi inafa, akuti waya anaba cha ku mlatho.

Nkhani ya opaleshoni ndamva. Ndiyesetsa. Kungoti ino ndi nthawi yokonzekera chionetsero cha zaulimi, ndipo abwana akuti palibe wotenga tchuthi mpaka chitatha. Alimi a ku Kanakantapa nawonso akundifuna tsiku ndi tsiku pa nkhani ya anankafumbwe m'nkhokwe. Za chikalata cha mwana ndifunsa ndikapita ku Lusaka.

Achemwali anabwera kudzathandiza pakhomo. Ndamva kuti akulemberani. Musatengere kumtima, mukudziwa mmene alili, ndipo imfa ya atate idakawapweteka. Komabe pa nkhani ya fupa mukadafotokoza bwino, chifukwa kuno yadzetsa mafunso. Ine sindikuganiza choipa ayi, koma anthu akufunsa.

Za ku maliro ndikuona kuti tizisiye, zinapita.

Clarissa akuwerenga. Malalanje tikuthirira, koma mtengo wa kuseri wagwidwa nsabwe.

Mwamuna wanu,
Yotam


Harare, 29 Julayi 1997

Mavis,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa. Kalata yanu ndi ya mlongo wanu zafika tsiku limodzi, ndipo sindikudziwa yandinyansa kwambiri ndi iti.

Tsegulani makutu. Fupa alitenga m'chiuno mwanga, mbali ya kumanja, pamene timamangira chitenje. Dokotala anali kuganiza pakati pa limenelo ndi lina limene amasunga kuchipatala, ndipo watsimikiza kuti langa lomwe ndilo ligwire msanga. Yotam amamufuna kuti amve ndi makutu ake kuopsa kwa opaleshoniyi, monga mwamuna wanga. Clarissa ndimamufuna ine, chifukwa ndine mayi wake ndipo ndili ndi mantha. Inu munabereka ana anayi, mawu amenewa sakufunika sukulu. Fupa la kwanu sindingalilole m'thupi mwanga ngakhale mutabwera nalo mogwada.

Mukuti ndinakhala pa mpando chifukwa cha matama. Ine ndine Mlozi wa ku Mongu. Kwathu mwana amaphunzira kugwada ndi kuomba m'manja asanadziwe kuyenda bwino. Zaka zonse ngozi isanachitike ndinkagwadira atate anu, amayi anu, ngakhale inu nomwe, ndipo simunadandaulepo. Mpando uja anandipatsa ndi amayi anu. Munadziwa chimene chili m'bondo langa, pakuti munabwera kudzandiona nditabwera koyamba kuchokera kuno, munagwira chipsera ndi chala chanu. Mukuti palibe anamva chothyoka. Mumafuna ndikuwe pamaliro?

Mwana wanga musamutenge. Ali mu giredi 11, ali ndi mabuku oti awerenge, ndipo ali ndi ulendo. Ngati anapatsa atate ake madzi ali chiimire, atate akewo ali ndi pakamwa. Mukamuuza bodza lija la mafupa, ine ndi inu tidzakumana pamaso pa amalume omwe aja, ndipo tsiku limenelo ndidzalankhula.

Kalata iyi mukamaliza mupatse mlongo wanu, popeza makalata a pakhomo panga akudzera kwa inu. Muuzeni kuti chionetsero cha zaulimi chimabwera chaka ndi chaka.

Inutu


Bundabunda, 7 Ogasiti 1997

Ba mami,

Muli bwanji? Bondo iwawa maningi? Ine nili bwino koma sinili pa nyumba. Ba anti ananitenga tsiku lomwe tinatseka, ati nibwere nithandize ambuya. Mabuku anakana kuti ninyamule yonse.

Dzulo ku chigayo ninamva ba anti auza azimai kuti imwe mufuna fupa yanga ku opaleshoni, ati ndiye chifukwa anibisa kuno. Azimai onse ananiyang'ana na chifundo, wina ananipatsa mbatata. Ba mami, ngati ni zoona, chifukwa chiani simunaniuze ine mwini wake? Nili na maondo awiri abwino. Netiboli ningaleke, siinipatsa kanthu.

Ba anti akamba ati palibe anamva kanthu ku maliro. Ine ninamva. Ninali kumbuyo kwanu na beseni, ndipo ndine ninakunyamulani. Ninaonanso mmene munali kugwira khoma popita ku bafa m'mawa, musanavale nkhope ya ku sukulu.

Ba dadi anabwera na njinga yamoto pa Sabata. Ninawafunsa ngati tipita ku Harare, ninawafunsanso za fupa. Anati, "Tizakamba bwino tsiku lina," anapita kukaona ng'ombe. Manje tsiku lina ni liti? Pa 12 ni pafupi.

Mawa kuli loli ya chimanga yopita ku Lusaka. Kuchoka pamenepo basi ya ku Chirundu niidziwa. Chikalata nilibe, koma nizawafotokozera ba pa malire, nao ali na amai awo. Uzani dokotala asayambe nisanafike. Kalata iyi nizaponya pa positi ku Chongwe.

Musakwiye.

Mwana wanu,
Clarissa


Bundabunda, 11 Ogasiti 1997

Mulamu,

Moni wautali nilibe. Clarissa wasowa. Anachoka pa Chisanu m'mawa na chigubu ati apita ku chitsime. Chigubu tinachipeza pa mseu.

Tafuna ku minda, ku mtsinje, kwa anzake onse. Yotam wapita ku Kasisi kwa masisitere, wapita kwa abale ku Lusaka, wakamba na apolisi. Amai sakudya. Ine maso yatupa, niyenda mudzi na mudzi monga wofuntha, nifunsa na ana omwe.

Yotam akana kukutumirani telegalamu, ati mawa mulowa mu opaleshoni musasokonezeke. Ine sinibisa. Ngati munamutumira mau mwakabisira, kambani. Ngati ali kumeneko, ngati munatuma munthu kuti amutenge, Mulungu akuoneni. Mwana uyu anali bwino pano, anali kudya, anali kuseka. Chimene chamuchotsa ni nkhani yanu ya mafupa. Ine ninamubweretsa kuno kuti nimusunge.

Akapezeka na chipsera, musabwere ku Bundabunda.

Mavis


Telegalamu, Harare, 22 Ogasiti 1997

MWANA WANGA ALI KUTI. YANKHANI LERO. INUTU


Telegalamu, Chongwe, 23 Ogasiti 1997

WAPEZEKA PA CHIRUNDU. ALI PAKHOMO. AKUCHIRA MALUNGO. KALATA IKUBWERA. YOTAM


Harare, kuchipatala, 24 Ogasiti 1997

Yotam,

Telegalamu yanu yafika. Ndayamika Mulungu, osati inu.

Ndikuuzani zimene simunabwere kudzaona. Sabata yonse ija Cecilia ankapita ku siteshoni kukachingamira basi ya ku Lusaka, n'kumabwera yekha. Tsiku la opaleshoni dokotala anafika pa bedi, nayang'ana uku ndi uku, nati, "Abambo ali panja?" Ndinati ali ku chionetsero cha zaulimi. Anamufotokozera Cecilia zonse zimene anakonzera inu.

Atatsegula anapeza zoipa kuposa za pa chithunzi. Chigoba chija chinali chopyapyala, akuti kuwala kwa nyale kumadutsa. Anaganiza zokachotsa, koma anayesabe. Anasokerera kachikopa ka mnofu wanga pamwamba pake ngati kathumba, nadzazamo fupa la m'chiuno lophwanyaphwanya, natseka. Chitsulo chatsopano chili ndi mwendo wautali wolowa m'fupa. Ngati kafupako kagwire kapena ayi, tidziwa pakapita masabata. M'chiuno mukupweteka kuposa bondo. Ndikatsokomola ndimaona nyenyezi.

Pa Chisanu Cecilia anandibweretsera makalata awiri. Ndinayamba ndi ya Clarissa chifukwa ndinadziwa dzanja lake. Kenako ya mlongo wanu. Ndinayang'ana madeti. Zimene ndinachita pambuyo pake akundiuza ndi anamwino: akuti ndinatsitsa miyendo pa bedi ndikufuna nsapato, anandigwira anthu atatu. Dokotala wakalipa, akuti ndikadang'amba zonse zimene anasoka.

Mavis ndi Mavis, ndinamudziwa kale. Koma inu munapita ku koleji. Mukudziwa kuti palibe chipatala chimene chimasema mwana kuti chikonze mayi. Mwana anakufunsani maso ndi maso, inu n'kupita kukaona ng'ombe. Mawu awiri okha akanakwana: si zoona. Tsiku limene ankandigoneka, ine ndikudandaula kuti mwana wanga sanabwere, iye anali pa msewu wa malole yekha, inu mukudziwa kuti wasowa.

Mundilembere zonse. Anagona kuti, anadya chiyani, anamugwira ndani. Musasiyeko kanthu pofuna kundisunga.

Inutu


Chongwe, 25 Ogasiti 1997

Amake Clarissa,

Ndikhulupirira opaleshoni inayenda bwino. Kufikira lero sindinamve kanthu za mmene muliri.

Mwana ali pano, wagona m'chipinda chake, malungo atsika. Uthenga unabwera kudzera kwa apolisi kuti pa Chirundu pali mtsikana wodwala amene watchula dzina langa. Ndinanyamuka tsiku lomwelo.

Ndinamupeza kwa mayi wina dzina lake Nelesi, amene amaphikira madalaivala a malole pafupi ndi mlatho. Mayiyu akuti Clarissa atafika anapita ku ofesi ya pa malire kukapempha kuti adutse, anamubweza. Madzulo ake dalaivala wina anamuuza kuti amubisa kuseri kwa mpando awoloke naye. Anali atakwera kale pamene Nelesi anamuona. Anamukoka mwendo, namutsitsa, natukwana dalaivalayo pamaso pa anzake. Nelesi anamusunga kwake, mwana akumutsukira mbale. Anamufunsa kwawo, mwana anakana kunena, poopa kubwezedwa. M'mawa uliwonse ankabwerera ku ofesi ija, mpaka alonda anamuzolowera. Malungo atamugwetsa ndi pamene anatchula Chongwe.

Nelesi sanandipatse mpando. Anati, "Bambo, loli ija ikadanyamuka, mwana uyu mukadakamufuna ku Beira. Akuti amayi ake afuna fupa. Inu mulibe mafupa?" Ndinayesa kufotokoza kuti panali kusamvetsetsana. Anati, "Fotokozerani uyo wagona apo."

Ndinalowa. Clarissa anandiyang'ana, nati, "Ba dadi, mwabwera kunitenga kapena kuniperekeza?" Zimbabwe anali kuoneka tsidya la madzi. Ndinati tipite kunyumba, uchire. Anafunsa deti, ndinamuuza. Anatembenukira ku khoma.

Titafika ndinapeza kalata yanu ya pa 29 Julayi ili ku positi, pakuti munalembera achemwali iwo atapita kale kumudzi, ndipo ine masiku onsewa sindinatsegule bokosi. Ndinamuwerengera Clarissa mbali ya fupa la m'chiuno. Anangoti, "Manje ninali kupita kukachita chiani?" Analira kwa nthawi yaitali. Anamwino amuona, akuti kupatula malungo palibe chimene chamuchitikira.

Achemwali anabwera dzana ndi nkhuku. Mwana anadzitsekera. Ndinawapatsa kalata yawo, ndipo ndinawauza kuti atenge katundu wawo yense, kwa tsopano asamabwere pano. Anandinena zambiri pa geti, anthu akumva.

Komabe ndinene kuti kalata yanu yoyamba ikadakhala yomveka, sitikadafika kuno. Ine ndinali pakati.

Mwamuna wanu,
Yotam


Bundabunda, 8 Seputembala 1997

Mulamu,

Namva kuti mwauka ku opaleshoni. Zikomo kwa Mulungu, imfa sinifunira munthu.

Kalata yanu nawerenga, ya matukwano ija. Mwati fupa ni la m'chiuno mwanu. Chabwino. Manje munalephera chiani kulemba tero poyamba? Imwe muphunzitsa ana a anthu kulemba. Ine ninawerenga zimene zinali pa pepala. Lero ninganamiziridwe kuti ndine mfiti, koma kalata yotere ikabweranso mawa, mwana nimubisanso.

Mlongo wanga ananithamangitsa pa geti monga wogulitsa makala. Ine ninamubereka kumsana uyo, ninaleka sukulu kuti iye apite. Clarissa anakana na kuniona. Nkhuku ninabwerera nayo. Mwapambana, sangalalani.

Amai anifunsa tsiku na tsiku ati mdzukulu abwera liti. Pa chigayo anthu aleka kukamba nikafika. Amalume ati nipepese. Nipepese chiani? Kuti ninaopa? Ninayenda mudzi na mudzi kufuna mwana uyo mpaka mapazi yanang'ambika, imwe muli gone pa bedi ya azungu.

Mu Novembala tiika mwala pa manda ya atate. Amai ati nikuuzeni. Nakuuzani.

Mavis


Chongwe, 19 Seputembala 1997

Amake Clarissa,

Kalata yanu ya kuchipatala ndinailandira. Ndaiwerenga kangapo. Sindiyankha mfundo ndi mfundo, pakuti mudakali odwala.

Clarissa wabwerera ku sukulu. Akudya, akuwerenga. Kwa ine amangoyankha inde kapena ayi. Makalata anu a kwa iye amakatenga yekha ku positi, ndipo makiyi a bokosi ali nawo ndi iye.

Ndafuna kuti mudzapeze pakhomo pali bwino. Ndinaitana mmisiri, tagumula masitepe a pakhonde, tawaka potsetsereka kuyambira pa chitseko mpaka pabwalo, kuti musadzavutike ndi ndodo kapena njinga ya odwala. Simenti ndinasakaniza ndekha Loweruka. Yauma bwino. Anthu odutsa akuima kuyang'ana.

Mundiuze tsiku lobwera, ndipemphe galimoto ya ku ofesi. Pakhomo pano pazizira.

Mwamuna wanu,
Yotam


Harare, 3 Okutobala 1997

Atate ake a Clarissa,

Ndili bwino. Dzulo anajambulanso bondo. Dokotala akuti fupa layamba kugwirana, m'chigoba muja mwachita mbuu. Anaitana anzake kudzaona. Ndikuyenda ndi ndodo ziwiri za m'khwapa, mwendo ukupindika mokwanira kukhala pa mpando. Kugwada ndiye kwatha, wandiuza kawiri, kachiwiri Cecilia alipo. Zimenezi mukanene ku Bundabunda inu, ndi pakamwa panu, kwa amayi, kwa amalume ndi kwa Mavis, ine ndisanafike. Za mwala wa pa manda ndidzayankha amayi okha.

Tinyamuka pa 18. Cecilia andiperekeza. Pa Chirundu nditsika, ndikufuna ndikamuone Nelesi, choncho basi ya m'mawa musaidikire. Ku siteshoni mubwere ndi Clarissa.

Za potsetsereka ndamva. Mukadafunsa. Njinga ya odwala ndilibe, ndipo sindidzakhala nayo. Mayi amene akundiphunzitsa kuyenda akuti mnofu wa pantchafu ukapanda kulimba, ntchito yonse ya dokotala ipita pachabe, ndipo mankhwala ake ndi masitepe, kukwera ndi kutsika, m'mawa ndi madzulo. Kuno ndayamba kale. Ndimatuluka thukuta ngati ndalima, koma ndikukwera.

Muitanenso mmisiri uja. Mugumule, mubwezeretse masitepe monga analili. Za ine ndi inu tidzakamba ndikawakwera.

Inutu